Musagule njinga imene mmisiri wa pa Chimbiya sangaikonze

Mukafunsa pa intaneti kuti njinga yoyenera ulendo wautali ndi iti, yankho limabwera msangamsanga, lili ndi zithunzi zokongola. Felemu ya kaboni yoti mungainyamule ndi zala ziwiri, matayala opyapyala ngati bango, mabuleki oyendera mafuta, kakompyuta pa handulo kowerenga kugunda kwa mtima. Anzanga angapo pa kampasi zawalowa m'mutu. Chiyambireni mizere ya mafuta ndi kukwera kwa mtengo wa minibasi, ambirife tayamba kuiyang'ana njinga ndi diso lina, ndipo ena akudzimana nkhomaliro kuti akagule ya kaunjika yofanana ndi za pa Tour de France. Ndalama ndi zawo. Koma amene amalemba malangizo aja sanapalasepo kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza mwezi wa Julayi.

Kwathu ndi kufupi ndi Bembeke, ndipo chino ndi chaka chachitatu ndikupita ku holide pa njinga. Kuchoka mu mzinda kukafika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, kenako pali kamtunda kena kokafika kumudzi. Pa mapu sizioneka zoopsa. Chimene mapu sanena mokweza ndi chakuti Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Dedza ili pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lofika pafupifupi 2,200. Mamita 500 ndi kuposerapo amenewo simuwakwera kamodzi n'kuthana nawo. Msewu umakwera, n'kutsikira ku mlatho wa Diamphwe, n'kukweranso, n'kutsikira ku Linthipe, ndipo chilichonse mwatsika muyenera kuchibweza. Miyezi yozizira mphepo imachokera kum'mwera chakum'mawa, komwe mukupita komweko, ndiye imakuombani pamphumi tsiku lonse.

Zitunda zotere zimafunsa giya. Njinga yakuda ija tonse tinakula nayo, kaya ndi Hero, Humber kapena Phoenix, ili ndi giya imodzi. Imene ndinaphunzirira ine inali ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 pa filiwilo. Pa tayala la mainchesi 28, ndiye kuti pedulo ikazungulira kamodzi njinga imayenda mamita 5 ndi theka. Ku Salima kapena ku Nsanje, kumene dziko ndi lachidikha, imeneyo ndi giya yokoma. Pa chitunda cha kwathu, mamita 5 ndi theka aliwonse mumalipira ndi mawondo. Njinga ya magiya ya m'mapiri, ya mano 22 kutsogolo ndi 32 kumbuyo pa tayala la 26, imayenda mita imodzi ndi theka yokha. Mumakwera ngati bilimankhwe, ana a m'mbali mwa msewu amakupitirirani chothamanga akuseka, koma simutsika kukankha, ndipo mawa lake mumadzuka n'kupita kudimba ngati munthu. Njinga zakale za mpikisano zimene zimabwera mu kaunjika zambiri zili ndi mano 52 ndi 42 kutsogolo. Anazipangira anthu othamanga opanda katundu. Giya yake yofewetsetsa, mukanyamula chikwama, ndi youma kale.

Za kulemera anthu amazikokomeza. Malamulo a mipikisano yapadziko lonse salola njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8. Yanga yachitsulo imalemera kawiri pamenepo. Koma ikanipo ine wa makilogalamu 62, chikwama cha zovala ndi laputopu, malita 3 a madzi, shuga ndi sopo wa amayi, zonse pamodzi zikuyandikira 90. Makilo 7 amene ndikanapulumutsa ndi ndalama ya fizi ya chaka chonse sangandisinthire tsiku.

Matayala ndiye nkhani imene sindichita nayo nthabwala. M1 ndi yopapatiza, ndipo malo ambiri phula la m'mphepete linadyeka, mwakuti pakati pa phula ndi dothi pali kaphompho kofika m'kamfuno ka phazi kapena kuposa. Mumsewu womwewo mukudutsa mathiraki opita ku chipata cha Dedza cholowera ku Mozambique, mabasi a ku Blantyre, ndi maminibasi othamangira pasenjala. Thiraki ikakumana ndi basi pamene inu muli, mumamva hutala kumbuyo, ndipo muli ndi kamphindi kamodzi kochokera pa phula. Tayala lalikulu la mainchesi awiri limatsikira m'miyala n'kupitirira ngati palibe chachitika. Tayala la bango, lopopedwa gwa, limaterereka kapena kuphulika, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti mugwera kumanzere. Akabaza izi amazidziwa osawerenga buku. Onani mmene amatsikira pa phula pasenjala ali pambuyo, osagwedezeka n'komwe. Pachifukwa chomwechi ndinaika kagalasi pa handulo, kanyali kofiira kumbuyo, ndipo ndimavala kajekete konyezimira ngakhale anzanga amati ndimaoneka ngati wa pa rodibuloko. M'mawa wa Juni, chifunga cha pakati pa Dedza ndi Bembeke chimabisa munthu ali pa mapazi makumi awiri okha.

Komanso ulendo wa kuno sutha ndi phula. Mukafuna kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, njira ya ku Mphunzi kapena ku Chencherere ndi yafumbi, yamiyala, ndipo dzinja ndi yamatope. Chimodzimodzi njira zolowa kumidzi yathu yambiri.

Koma mfundo imene ndimakanirira kwambiri ndi iyi. Pa Nathenje, pa Kamphata, pa Linthipe, pa Chimbiya, pa malo aliwonse ogulitsira malonda, pali mmisiri wa njinga pansi pa mtengo kapena pakhonde la golosale. Ali ndi beseni la madzi lofufuzira poponcha, solushoni, chubu chakale chodulamo zigamba, mpope, masipanala, ndi kabokosi ka masipoko, mabelingi, mawaya a buleki ndi makotapini. Amisiri amenewa ndiwo galaja ya aliyense woyenda pa njinga m'dziko muno, ndipo ali pafupifupi paliponse. Njinga yanu ikakhala yopangidwa ndi zinthu zimene zili m'kabokosi kawo, palibe chimene chingakugonekeni panjira. Chubu cha 26 ndi cha 28 ali nacho. Chubu chopyapyala cha 700 cha valavu yowonda alibe, ndipo mpope wake sulowa pa valavu yotero. Tcheni cha magiya 11 alibe. Mafuta a buleki alibe. Felemu yachitsulo ikang'aluka, wowotcherera amaigwira magetsi akakhalapo. Ya kaboni ikang'aluka, mwatsala ndi chithunzi cha pa Facebook. Gudumu la masipoko 36 likathyoka sipoko imodzi limangopindika pang'ono, mumamasula buleki n'kukafika kwa mmisiri. La masipoko 20 limapotoka mpaka kukhula felemu, osazunguliranso.

Mnzanga wina wa chaka chachinayi, wochokera ku Ntcheu, anandiperekeza ulendo wina pa njinga yake yokongola ya ku Ulaya. Mpaka pa Kamphata ndinkangoona msana wake. Cha ku Linthipe chubu chinang'ambikira pa valavu, pamalo posamatika, ndipo chapadera anali atagwiritsa kale ntchito. Amisiri awiri anaitembenuza njinga ija, kuisirira, kufunsa mtengo wake, n'kuibweza. Anakwera minibasi, nalipira malo a anthu awiri.

Sindikunyoza njinga zothamanga. Stewart Kambewa anapalasa kuchoka ku Nsanje mpaka ku Chitipa posonkhetsa ndalama zothandizira anthu ovutika, ndipo anationetsa kutalika kwa mtunda umene Mmalawi angaudule ndi miyendo yake. Palinso ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003, wochoka ku Cairo kukafika ku Cape Town pa miyezi pafupifupi inayi. Amalowa m'dziko muno pa Songwe, kudutsa Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu, Lilongwe, n'kutulukira ku Mchinji. Mukawaona mumasirira njinga zawo. Yang'ananinso kumbuyo kwawo: kuli galimoto yonyamula katundu wawo, chakudya, zipangizo ndi makaniko. Inu ndi ine galimoto yotitsatira ndi ya eni ake, ndipo ikungofuna tiipatse njira.

Mwina wina anena kuti, ndiye bwanji osangogula Buffalo? Ndimailemekeza njinga imeneyo. A World Bicycle Relief anaipangira misewu yathu, kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100, ndipo alangizi a zaumoyo ndi ana asukulu ambiri akuyendera yomweyo. Mu 2024 anatulutsanso ina ya matcheni awiri, ya magiya awiri, zomwe zikusonyeza kuti nawonso anamva kulira kwa anthu a kumapiri. Koma yodziwika ija ndi ya giya imodzi, yolemera makilogalamu oposa 20, ndipo buleki yake ndi yopondera pedulo chammbuyo, ili m'kati mwa habu. Ku Dedza buleki yotere ili ndi mayeso ake, ndipo dzina la mayesowo ndi Khwekhwerere.

Amene sanaudutse, uwu ndi msewu wochoka pa Masasa, pa M1, kutsikira ku Golomoti kumbali ya kunyanja. Umatsika mamita pafupifupi 1,000, uku ukukhotakhota ngati njoka yopondedwa mchira. Kutsika mtunda wotere, mphamvu yonse imene phiri likukukankhirani imasanduka kutentha pa buleki. Ya m'habu imatentha mpaka girisi kusungunuka. Si zachilendo: ku California mu 1976 anyamata amene anayambitsa njinga za m'mapiri anatcha mpikisano wawo wotsetsereka kuti Repack, chifukwa akatsika phiri ankayenera kupakanso girisi mu habu. Mabuleki a ndodo zachitsulo a njinga yakuda nawo ali ndi vuto lawo, limu yachitsulo ikanyowa ndi mvula kapena chifunga sagwira, mumafinya njinga ikungopita. Ine ndimadalira mabuleki a waya ogwira limu ya aluminiyamu, marabala atsopano, ena apadera m'thumba. Potsika sindifinya kosalekeza. Ndimagwira mwamphamvu ndisanafike pokhota, n'kusiya, ndipo kawiri kapena katatu ndimaima n'kukhudza limu. Ikawotcha chala ndimadikira, chifukwa limu yotentha imaphulitsa chubu.

Amalume anga autsika msewu umenewu zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala ndi moyo. Amatsika ndi thumba la mbatatesi ndi kabichi, amakwera ndi usipa wouma. Buleki yawo yachitatu ndi chidendene cha nkhwaira ya tayala chimene amachiponda pa gudumu lakumbuyo. Pobwerera theka la phiri amakankha. Ndikawauza za mano 22 ndi 32 amaseka.

"Mphwanga, timagiya tanuto ndi ta anthu osanyamula kanthu. Ikani matumba awiri muone ngati kawaya kameneko sikaduka."

Pa katundu wawo akunena zoona, ndipo sindiwatsutsa. Koma ndimaonanso mmene amakhalira pansi madzulo, kugwira khoma kaye, mwendo umodzi utawongoka. Anthu olimba kwambiri pa maulendo aatali m'boma lathu ndi iwowa, pamodzi ndi onyamula makala ndi nkhuni, ndipo palibe amene anawafunsapo kuti njinga iwakhalire bwanji.

Zambiri zimene zimapweteka thupi pa ulendo wautali zimakonzeka ndi sipanala imodzi. Chishalo ambiri amachiika pansi kwambiri kuti mapazi azifika pansi ali chikhalire. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke ndendende. Mukabweza phazi n'kupondera chakutsogolo, bondo limapindika pang'ono, ndipo ndi pomwepo. Chishalo chofewa ngati khushoni ya kabaza chimakoma mphindi makumi awiri, pa ola lachinayi chimawotcha. Jinzi ya msoko wokhuthala musayerekeze. Handulo ikhale yofanana msinkhu ndi chishalo kapena kukwererapo, kuti khosi ndi manja zisachite dzanzi. Chikwama chichoke kumsana, chimangidwe pa kaliyala ndi malamba a chubu chakale, laputopu itakulungidwa m'juzi.

Chakudya chokha ndicho sindinyamula chambiri, chifukwa M1 ndi msika wautali. Nthochi, mbatata yootcha, mtedza, zitumbuwa, thobwa. Ndimadya pang'ono ola lililonse njala isanandipeze, ndipo botolo limodzi ndimasungunulamo Thanzi chifukwa ngakhale kukuzizira thukuta limatuluka ndi mchere. Tchipisi cha pachiwaya ndi nyama ya pa Chimbiya ndimazisiyira ulendo wobwerera, pamene msewu ukutsika ndipo mphepo ili kumsana.

Njinga yanga ndinaigula ya kaunjika: felemu yachitsulo, matayala a 26, magiya atatu kutsogolo ndi 7 kumbuyo. Ndinamangitsa magudumu onse ndi masipoko atsopano, ndinasintha tcheni ndi mawaya, ndinawotcheretsa kaliyala wa njinga yakuda. Zonsezi anachita mmisiri wa pa Bembeke tsiku limodzi la msika. Holide yapitayi ndinamutengera njinga ya amalume, iwo atapita kumaliro, kuti achotse filiwilo ya mano 18 aike ya 22 ndi kuwonjeza mfundo ziwiri pa tcheni. Pedulo imodzi tsopano ndi mamita 4 ndi theka. Atabwera ku Golomoti sabata yotsatira anadandaula kuti pachidikha njinga ikuchedwa, miyendo ikungozungulira ngati chigayo chopanda chimanga. Filiwilo yakale ili pa msomali m'khitchini, ndipo mpaka lero sanaibwezeretse.