Bering'i ya kumbuyo: za kuno ku Leicester ndi za kwathu

Abale anga amene muli ndi timagalimoto kumudziko, tamverani. Galimoto ikayamba kung'ung'udza kumbuyo ngati chigayo cha kutsidya kwa mtsinje, phokoso n'kumakula mukamawonjezera liwiro, ambiri timathamangira kunena matayala. Nthawi zina amakhaladi matayala. Koma phokosolo likamakula mukakhotera uku n'kuchepa mukakhotera uko, kayikirani bering'i. Kwezani galimoto pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni, kenako lizungulitseni ndi dzanja. Likamagwedera kapena kukhukhuluza, mwaipeza.

Ine kuno ku England ndimasintha ndekha pakhomo, osati chifukwa chokonda girisi ayi. Makaniko wa kuno amalipiritsa pa ola, ndipo nthawi zambiri ndalama ya ntchito imaposa ya sipeya. Kwathu n'zozondoka: wa ku Ndirande kapena ku Malangalanga mumagwirizana naye msanga, chimene chimapweteka m'thumba ndi sipeyayo. Komanso kuno galimoto ikapitirira zaka 3 imakayezedwa MOT chaka ndi chaka, ndipo woyezayo amagwedeza tayala lililonse. Kwathu COF ilipo, koma ambirife timadikira mpaka okwera kumbuyo adandaule.

Chimene chimapha bering'i n'chosiyananso. Kuno ndi mchere umene amawaza m'misewu nyengo yozizira kuti madzi asaundane. Pa Yaris, imene kwathu timati Vitz, bering'i ya kumbuyo imabwera pamodzi ndi habu yake, yomangidwa ndi mabawuti 4 okha. Mungati ntchito ya mphindi zochepa. Mabawuti n'kutuluka onse, habu n'kukana, dzimbiri litaimata. Umathira mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo, n'kudzaigogoda mawa lake, uku zala zitauma ndi chisanu. Bering'i za galimoto za ku Japan zolowera pa Songwe nthawi zambiri sizivuta chonchi. Izo zimaphedwa ndi maenje, fumbi, madzi a dzinja ndi katundu. Sienta ya anthu 7 ikasenza ena owonjezera, matumba a chimanga pamwamba pake, bering'i ilakwanji?

Amakaniko akwathu sindiwanyoza, khutu lawo kuno kulibe. Munthu amangokwera nawe pang'ono n'kukuuza kuti ndi ya kumanzere, popanda kompyuta. Vuto n'loti galimoto zinasintha koma kagwiridwe kathu kanatsalira. Bering'i zakale, zonga za pa Golf yakale ija, zinali ziwiri, yamkati ndi yakunja. Unkazitsuka ndi parafini, kuzipaka girisi pachikhatho, kumanga nati pang'onopang'ono uku ukuzungulitsa, kubweza pang'ono, n'kulowetsa pini. Pamenepo dzanja ndi limene linkaweruza, ndipo dzanja la mmisiri silinkanama.

Zamasiku ano n'zomata, girisi wake ali m'kati momwemo. Sizitsegulidwa, sizitsukidwa, ndipo zimadana ndi hamala. Pa galimoto zimene bering'i imalowetsedwa mu habu pamafunika pulesi, yokankhira pa mkombero woyenera. Mukaimenya, timipira ta m'katimo timasiya timabala pa njira yake. Tsiku limenelo imakhala zii, mumalipira, mumathokoza. Pakapita miyezi yochepa yayambiranso, ndiye tonse timati sipeya inali yachinyengo. Zachinyengo zilipodi, m'makatoni okongola kwabasi, koma zina timazipha tokha zisanayende n'komwe.

Kumanganso chimodzimodzi. Kwathu timalumikiza paipi ku sipanala, mnyamata n'kukwerapo, kuti "ilimbe." Kuno nati iliyonse ili ndi muyeso wake wolembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo pali sipanala yotchedwa torque wrench imene imalira kuti "ke" muyeso ukakwana. Manati a tayala pa ma Toyota ang'onoang'ono ambiri ndi 103 Nm basi. Nati ya pakati pa habu ikathina kwambiri bering'i imatentha, ikakhwepa imagwedera, konseko ikufa. Ndipo samalani kachingwe ka ABS kali kumbuyo kwa habu. Kazuleni kaye musanakoke, apo ayi nyali ya ABS iyaka osazimanso. Pogula habu yatsopano fananitsani ndi yakale, chifukwa pali ya ABS ndi yopanda.

Chimodzi chokha chimene sindigonjerapo ndi jeke. Kunoko ngakhale wosauka amagula timiyendo tachitsulo tokhazikapo galimoto. Kwathu munthu amalowetsa mutu pansi, galimoto ili pa kajeke kosinthira tayala, pambali njerwa ziwiri zowotcha. Njerwa imaphwanyika osachenjeza. Ngati timiyendoto palibe, pezani chipika cholimba chosagubuduka, tsekerani matayala akutsogolo ndi miyala, lowetsani giya, ndipo tayala mwachotsalo ligonekeni pansi pa galimoto. Kumbukirani kuti mukamachotsa dilamu ya buleki handibuleki imakhala yomasula, ndiye kupatula miyalayo ndi giya palibe china chogwira galimotoyo.

Achimwene anga amene amayendetsa Probox pakati pa Dedza ndi Lilongwe andiuza kuti ndiwatumizire foni. Ndawayankha kuti mu katundu akubwerayu muli torque wrench ndi timiyendo tiwiri, foni idikire. Sanandiyankhe mpaka lero.