Wopalasa wopanda katundu

Kuchokera ku Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, msewu wake wosatopetsa miyendo. Ndinkapalasa mwachifatse pakati pa minda ya chimanga ndi madambo a mpunga, akabaza akundipitirira. Bambo ena, njinga yawo itasenza makala, anandifunsa kuti: "Achimwene, mwatumidwa kuti?"

Ndinasowa choyankha. Zaka zinayi zophunzira za ziyankhulo sizinandipatse mawu onenera munthu wopalasa wopanda katundu, wopanda uthenga.

Iwo anaseka. "Basitu mukupitidwa mphepo."

Mawu amenewa ndinkawamva kwa agogo, koma ndinawataya m'maminibasi a m'tauni. Tinapalasa limodzi mpaka mphepoyo inayamba kununkhira usipa.

Kwanuko, ku Chipata kapena ku Tete, ulendo wotere mumautcha chiyani?