Khutu la Agogo

Kwathu ku Thyolo, pansi pa mtengo wa mango, pamaima Land Rover Series III ya agogo aamuna. Galimoto zamtunduwu zinkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, choncho yathuyi ndi yaikulu kwa ine ndi zaka zambiri. Ndi yomwe imatituta chimanga kumunda, ndipo m'mudzi wina akadwala usiku, anthu amagogoda pakhomo pathu.

Pa tchuthi chapitachi ndinaipeza ikufuka utsi wakuda, ikumwa petulo mosaneneka, mapulagi ali bii ndi mwaye. Agogo anati yalakwa ndi kabuleta, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Yakaleyo inali ya Zenith 36 IV. Ikakalamba imapindika, petulo n'kumadutsa pamene sayenera kudutsa. Amalume anali atatumiza kale ina yatsopano ya Weber 34 ICH, koma inangokhala m'bokosi miyezi itatu. Agogo, amene anagwira umakaniko moyo wawo wonse, maso awo achita ng'ala ndipo nati sakuionanso.

"Iwe, bwera ndi masipanala," anatero tsiku lina m'mawa. "Manja akhala ako."

Ine ndimaphunzira za zachuma, ndipo mkati mwa boneti ndinali ndisanagwiremo. Komabe ndinadzithemba. Agogo anakhala pampando pambali pa tayala n'kumanditchulira chochita. Ndinachotsa waya wa batire, paipi yochokera ku sefa ya mpweya, paipi ya petulo, kebulo ya choki ndi kachitsulo kochokera kopondera mafuta. Manati awiri atamasuka, kabuleta yakale inatuluka. Pobowo ndinatsekapo ndi kansalu kuti musagwere kanthu.

Apa ndi pamene ndinachita zachidule. Gasiketi yakale inali itamatirira, ndipo kuipala kunandionekera kotaya nthawi. Ndinangokhazika Weber pamwamba pake n'kumanga.

"Wapala bwinobwino?" anafunsa.

"Eya agogo, ndapala."

Ndinanama podziwa kuti sangaone.

Injini inalira, koma inkakwera n'kutsika yokha, ndipo ndikangochotsa phazi inkazima. Ndinayamba kunena kuti mwina amalume anagula yachinyengo. Agogo sanayankhe. Anandiuza kuti ndiilizenso, anaweramira pa injini, khutu pafupi ndi kabuleta.

"Ikuba mpweya pansipa," anatero. "Sukumva kamluzuko?"

Sindinkamva kalikonse. Anandifotokozera kuti injini ya petulo imafuna magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Mpweya ukalowera pambali, muyezowo umasokonekera ngakhale kabuleta ikhale yatsopano chotani. Za bodza langa sanatchule. Anangoti, "Masula, tiyambirenso." Mawu amenewo anandilasa kuposa kukalipa.

Ndinapala mpaka chitsulo chinati mbee, ndinaika gasiketi yatsopano, n'kumanga manati mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Injini itatentha, agogo anandigwira dzanja n'kuliika pa sikuludiraiva. Tinalowetsa kasikulu koyezera petulo mpaka injini inayamba kutsamwa, kenako tinakabweza pang'ono mpaka kulira kwake kunakhazikika. Anandibwerezetsa katatu, maso nditatseka. Kachitatu ndinamva ndekha pamene panasinthira, ndipo ndinaima asanandiuze.

Madzulo ake, tikusamba m'manja ndi sopo ndi mchenga, ndinawauza kuti poyamba paja sindinapale. Anaseka. "Ndinadziwa. Kupala kumamveka, mdzukulu wanga."

Patangopita sabata, mayi wina woyembekezera anafunika kuthamangira naye kuchipatala usiku. Amalume anayendetsa, ndipo galimoto inakwera zitunda zonse osazima. Ndinagona mochedwa, ndikuganiza za gasiketi ija ikanakhala kuti ili pomwepo.

Zenith yakale ili m'katoni kuchipinda kwanga kumudzi. Agogo akuti pa tchuthi chikubwerachi tidzaimasula yonse kuti ndione mkati mwake. Ndagula kale kope loti ndizikalembamo zimene azikanena, koma ndikudziwa kuti zambiri ndi zofunika khutu.