Za Njinga Yakuda ndi Njinga za M'mapiri

Pali mlandu umene ubuka m'nyumba zambiri za kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe pamene nandolo wagulitsidwa ndipo tindalama tapezeka. Banja lagwirizana kuti ligule njinga, koma silinagwirizane kuti njingayo ikhale yotani. Atate afuna yakuda ija ya mtanda, ya mabuleki a zitsulo, yonga Humber kapena Raleigh imene anakwera agogo. Mwana wawo wamwamuna afuna ija ya magiya ndi matayala onenepa, imene Azungu aitcha mountain bike, ndiko kunena njinga ya m'mapiri. Mnyamatayo ati yakuda ndi ya makedzana, ndipo achita nayo manyazi pamaso pa anzake. Ife amene ntchito yathu ndi kuphunzitsa ana timaumva mlanduwu kawirikawiri, ndipo tafuna kuikapo mawu, pakuti njinga sigulidwa chaka ndi chaka, ndipo banja likalakwa posankha lidzayenda pansi nthawi yaitali.

Tiyambe tafunsa kumene njinga ya m'mapiriyo inachokera. Ambiri ayesa kuti amisiri anzeru anakhala pansi m'nyumba ya makina, naiganiza yatsopano kuyambira pa tayala kufikira pa chishalo. Sikunatero ayi. M'zaka za m'ma 1970, m'dera la Marin ku California, m'dziko la America, munali anyamata okonda kutsika mapiri pa njinga. Njinga zatsopano za masiku amenewo zinali zopepuka, za matayala oonda, zoyenera msewu wa tala wokha, ndipo pa miyala zinali kuthyoka. Tsono anyamatawo anafunafuna m'zitsulo zotayidwa, natola njinga zolemera za Schwinn zopangidwa m'zaka za m'ma 1930, zimene anthu anali ataziiwala. Zimenezo ndizo zinapirira. Mu 1976 anayamba mpikisano wotsika phiri, mtunda wa mamailosi awiri, nautcha Repack, chifukwa buleki ya m'habu ya kumbuyo, ija igwira munthu akapalasa chobwerera m'mbuyo, inali kutentha kufikira girisi yense atapsa, ndipo pofika pansi anayenera kuikamo wina. Mu 1977 mmodzi wa iwo, Joe Breeze, anadziumbira njinga yake yatsopano, koma maonekedwe ake anatengera ku Schwinn yakale ija. Ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inayamba kupanga zambiri zogulitsa, nizitcha Stumpjumper. Taonani, abale, chinthu chimene mnyamata wa ku Lirangwe achiyesa chatsopano chinabadwa kwa njinga imene inapangidwa zaka makumi anayi m'mbuyomo nkutayidwa.

Komatu chimene tifuna kuti muchisinkhe koposa ndicho kukula kwa tayala. Njinga za Schwinn zija zinali ndi matayala a mainchesi 26, ndipo popeza matayala otere ndiwo anali kupezeka m'masitolo a ku America, njinga za m'mapiri zinatsata muyeso womwewo zaka zoposa makumi awiri. Panalibe amene anayesa nkupeza kuti 26 ndiye wopambana. Anangotenga chimene chinalipo. Koma ku England kunali munthu wina, dzina lake Geoff Apps, amene anali kuyenda pa njinga m'nkhalango ndi m'matope a kwawo, ndipo iye anaona kuti tayala lokulirapo ndilo liyenda bwino. Pofika 1979 anali atapanga njinga yake ya matayala okulirapo, ogulidwa ku Finland kumene anthu apalasa pa chipale chozizira. Njinga zake, zimene anazigulitsa m'dzina la Cleland, zinali za mahandulo okwera kotero kuti munthu akhala chowongoka, zinali ndi zotchinga matope, ndiponso mabuleki obisika m'habu kumene madzi safika. Anatumizanso matayala ena kwa Gary Fisher ndi Charlie Kelly ku California kuti awayese. Koma matayalawo anali ovuta kuwapeza ochuluka, ogula anali ochepa, ndipo ntchito yake sinakule.

Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mu 1999 linatuluka tayala lonenepa loyenera limu yaikulu, ndipo m'zaka zotsatira njinga zotchedwa za mainchesi 29 zinayamba kufala. Pambuyo pake zinabwera za 27.5, ndiwo muyeso womwe uja Apps anayamba nawo. Lero opanga njinga za mtengo wapatali za m'mapiri ausiya muyeso wa 26.

Tsono pitani kumene mwatsamiritsa njinga yakuda ya atate, mupukute fumbi m'mbali mwa tayala, muwerenge. Mudzapeza palembedwa 28 x 1 1/2, ndipo pa matayala ambiri palinso manambala awa, 40-635. Nambala yachiwiriyo inena kukula kwa limu m'mamilimita. Limu ya njinga ya mainchesi 26 ndi 559; ya 27.5 ndi 584. Ya 29, imene anyamata a ku Ulaya aitamanda lero, ndi 622. Ya njinga yakuda ndi 635, ndipo iposa zonsezo. Inde, tayala la 29 ndi lonenepa, kotero kuti likapopedwa litalika pang'ono kuposa lathu. Koma nzeru yake ndi imodzi, ndipo ife takhala nayo m'midzi muno kuyambira masiku a makolo athu osadziwa kuti tili ndi kanthu.

Chifukwa chake sichivuta kuchimva. Yense amene anakankhapo wilibala adziwa kuti kamwala kakang'ono kaimitsa tayala lake, pamene ngolo ya ng'ombe ipita pamwamba pa mwala womwewo osagwedezeka kwambiri. Tayala laling'ono ligunda mwala monga munthu agunda khoma, ndipo ligwera m'kadzenje kalikonse. Lalikulu liukwera mwalawo pang'onopang'ono monga munthu akwera chulu, ndipo kadzenje lingokadumpha. Pa misewu yathu ya dothi yopita ku Chikuli kapena kwa Kunthembwe, imene mvula iisiya ndi mizere yonga ya m'munda, kusiyana kumeneku munthu akumva m'msana mwake.

Palinso china. Mukayang'ana njinga yakuda cham'mbali mudzaona kuti foloko yake siimirira chilili, koma itsamira, ndipo tayala la kutsogolo litalikirana ndi la kumbuyo. Njinga yotere siphethira. Igwira njira yake ngakhale potsetsereka. Opanga njinga za m'mapiri m'zaka za m'ma 1990 anaimiritsa foloko nafupikitsa njinga kuti ikhote msanga, koma m'zaka zapitazi abwerera ku foloko yotsamira ndi njinga yaitali. Ndipo amisiri akale a ku England anaika masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, podziwa kuti kumbuyo ndiko kusenza.

Tingoonjezapo kuti kuoloka mapiri ndi katundu pa njinga yopanda magiya sikunayambe dzulo. Mu 1897 asilikali akuda a ku America, a gulu la 25, anachoka ku Fort Missoula ku Montana nafika ku St. Louis, ulendo wa mamailosi pafupifupi 1,900, m'masiku 41, atasenza mfuti, zofunda ndi chakudya, m'dziko limene misewu yake inali matope ndi mchenga. Koma sitisowa kupita kutali chotero kukafuna umboni. Imani m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lirangwe mbandakucha, muone amuna ochokera kutsidya la Shire, amene aoloka pa Zalewa, napyola pa Mdeka, ali kukwera kunka ku Lunzu ndi ku Blantyre ndi matumba a makala osanjikizana kuposa mitu yawo. Za kutha kwa mitengo ya ku Neno ndi ku Mwanza ndi nkhani ina yowawa, ndipo tidzainena tsiku lake. Lero tingoti, yang'anani njinga zimene akankha. Muonenso a kabaza amene anyamula mayi ndi mwana ndi thumba la ufa. Anthu awa sawerenga mabuku a amisiri, koma njinga ndiyo munda wawo, ndipo ambiri a iwo asankha yakuda, kaya ndi Hero ya ku India kaya Phoenix ya ku China, zimene zinatengera maonekedwe a Raleigh yakale ya ku Nottingham.

Kodi tsono mnyamata uja alakwa konse? Iyayi. Njinga yabwino ya m'mapiri ndi yabwino ndithu. Magiya athandiza pokwera, tayala lonenepa silimira mu mchenga wa m'madambo, ndipo munthu wopanda katundu, monga mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo woyenda m'tinjira ta m'munsi mwa Michiru, adzakondwera nayo. Chimene tikana ndi zija zotsika mtengo zonyezimira, za masipuling'i kutsogolo ndi pakati, zimene zatenga maonekedwe okha a njinga ya m'mapiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njinga ya sipuling'i pakati ilibe pomangirira kaliyala wolimba, pakuti kumbuyo kwake kuyenda payekha. Kachitsulo kosinthira magiya kalendewera pafupi ndi nthaka, ndipo chitsa chimodzi chikapinda. Ndipo ngati felemu ndi ya aluminiyamu, ikang'aluka wowotcherera zitsulo wa pa msika sangailumikize. Felemu yachitsulo aiwotcherera inu muli chiimire. Masipoko, tcheni, mapedulo ndi chubu za njinga yakuda muzipeza pa msika uliwonse, ndipo wokonza njinga wa pansi pa mtengo azidziwa monga adziwa zala zake.

Anthu a bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, atafuna kupanga njinga yoyenera midzi ya ku Zambia ndi maiko oyandikana nawo, anali ndi amisiri odziwa magiya a mtundu uliwonse, pakuti woyambitsa wake, F.K. Day, anali mmodzi wa eni kampani ya SRAM yopanga magiya. Koma njinga yawo yoyamba kufala, ya Buffalo, imene ipezekanso kuno ku Malawi, anaipanga yachitsulo, ya giya imodzi, ya kaliyala wosenza makilogalamu 100, ndi buleki ya m'habu yonga ija ya anyamata a ku California.

Ndipo pa buleki pomwepa ndi pamene njinga yakuda iperewera, ndipo atate asabise ichi pokangana ndi mwana wawo. Timphira take tigwira pa limu yachitsulo, ndipo limuyo ikanyowa ndi mvula njinga ipitirira ngati palibe wagwira. Limu ikapindika pang'ono, buleki igwira modumphadumpha. Munthu wotsika kunka ku mlatho ndi matumba atatu kumbuyo ali pangozi yeniyeni, ndipo nchifukwa chake muona ena ali kukhwekhwereza phazi pansi kapena pa tayala. Tikadakhala ndi mwayi wolankhula ndi opanga Hero ndi Phoenix, tikadawapempha zinthu ziwiri zokha: asakhudze tayala la 635 ndi felemu yake, koma aikemo buleki yobisika m'habu yonga ya Geoff Apps, ndi giya imodzi yofewa ya pa chitunda cha pakati pa Lirangwe ndi Lunzu.