Mpira sauphunzira utakhala pa benchi

Sabata zitatu zapitazo mlongo wanga adatuma mwana m'mamawa kuti ndifike kwawo msanga, kuli mlandu. Ndidasiya khasu m'dimba n'kuthamangira komweko, poganiza kuti mwina ng'ombe zalowa m'munda mwa eni. Nditafika ndidamupeza atakhala pakhonde, maso ali psuu, ndipo mwana wake wachisamba, mnyamata wa zaka 17, ataima potero manja ali kumbuyo.

"Achimwene," adatero mlongo wangayo, "mwana wanuyu akuti akupita ku Tete kukasewera mpira. Nanga mbatata yonseyi ndidzakumba ndi yani? Mulankhuleni ndinu, ine mawu andithera."

Bambo a mnyamatayu adatisiya zaka zinayi zapitazo, tsono mawu otsiriza pa nkhani ngati iyi amayembekezeka kuchokera kwa ine malume ake. Ndidapempha masiku atatu kuti ndiganize. Zimene ndidaganiza masiku amenewo ndi zomwe ndafuna tikambirane lero, poti ndikudziwa kuti kuno ku Fonte Boa, ku Ulongwe, ku Domwe ngakhalenso ku Tsangano, si khomo lathu lokha limene lili ndi mnyamata wotere.

Poyamba ndiulule kuti inenso ndidasewerako mpira kunja kwa dziko lino, ngakhale kuti sikudali kufuna kwanga. M'chaka cha 1986 nkhondo itafika povuta kuno ku Angonia, banja lathu lidathawira ku Malawi, m'boma la Dedza. Ndidali ndi zaka 16. Amene mudaliko mukukumbukira kuti ambiri a ife tidalandiridwa m'midzi ndi abale athu, chifukwa malirewa adangodula pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi. Pa tauni yaing'ono yoyandikana ndi mudzi umene tinkakhala padali timu yotchuka, ya yunifomu ndi mpira weniweni wachikopa. Ine amene ndidakulira pa chikulunga, atandilemba dzina m'timu imeneyo ndidaona ngati ndafika kumwamba.

Komatu chaka chathunthu chidatha ndisadalowe m'bwalo koposa katatu. Ntchito yanga idali yonyamula ndowa ya madzi ndi kutola mpira ukagwera m'chimanga. Yunifomu ndinkavala ndithu, koma inkabwerera kunyumba yopanda thukuta. Tsiku lina mkulu wina wogulitsa nzimbe pabwalopo adandiitana nandifunsa kuti, "Iwe mwana, kodi udabwera kudzasewera kapena kudzaonerera ngati ine?" Mawu amenewo adandilasa mtima. Sabata yotsatira ndidakalowa timu ya m'mudzi wina, yosewera opanda nsapato pa bwalo lotsetsereka, ndipo kumeneko ndidasewera Lamulungu lililonse mpaka pamene tidabwerera kwathu mu 1993, mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mpira wonse umene ndimaudziwa ndidauphunzira pa bwalo lotsetserekalo.

Tsiku lachiwiri la kuganiza kwanga, mnyamata uja adabwera kwathu madzulo ndi foni m'manja. Adakhala pansi mwaulemu nati, "Malume, kodi mudamumvapo Angel Gomes?" Dzinalo ndidalimvapo pa wailesi, koma mbiri yake tidailondola limodzi usiku umenewo, ndipo ndi mbiri yoyenera kuti makolo aimve.

Angel Gomes ndi Mngelezi, adabadwira ku London pa 31 Ogasiti 2000 ndipo adakulira ku Salford, pafupi ndi mzinda wa Manchester. Adalowa sukulu ya mpira ya Manchester United ali kamwana, ndipo pa 21 Meyi 2017, ali ndi zaka 16 zokha, adalowa m'bwalo m'malo mwa Wayne Rooney pamene United inkasewera ndi Crystal Palace. Ndiye adali munthu woyamba wobadwa m'zaka za 2000 kusewera mu Premier League. Chaka chomwecho adali m'gulu la anyamata a England osafika zaka 18 amene adatenga chikho cha dziko lonse ku India. Aliyense ankati mwanayu zake zayera.

Koma zaka zitatu zidadutsa, ndipo masewero onse amene adaseweramo m'timu yaikulu ya United adangokwana khumi. Pabwalo padali akuluakulu ogulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo iye, wamfupi ndi wochepa thupi, ankangodikira. Mgwirizano wake utatha mu 2020, adatsanzika. Adasaina ndi timu ya Lille ya ku France, ndipo a Lille adayamba amubwereketsa ku Boavista, timu ya mumzinda wa Porto ku Portugal, imene sitingaiyerekeze n'komwe ndi United pa chuma. Kumeneko ankasewera sabata ndi sabata. Mu Okutobala 2020 adagoletsa chigoli ali chapakati pa bwalo pamene ankasewera ndi Moreirense. Atabwerera ku Lille mu 2021 adakhazikika pakati pa bwalo, ndipo mu Seputembala 2024 adavala malaya a timu yaikulu ya England koyamba, pa masewero a ku Dublin. Mu 2025 adasamukira ku Marseille. Dziko lake lidamuitana ali kunja, litamuona akusewera.

Mnyamata wanga adati, "Mwaona malume? Akadakhala pa benchi bwenzi atatha." Ndidangoti zii, chifukwa ndidakumbukira mkulu wa nzimbe uja.

Palinso china chimene chidandikhudza. Pamene Gomes ankafika ku Lille mu 2021 adapezako mwana wathu wa ku Mozambique konkuno, Reinildo Mandava wa ku Beira. Reinildo adayambira ku Ferroviário da Beira, adapita ku Portugal kumene adadutsa m'matimu ang'onoang'ono monga Fafe ndi Covilhã, kenaka ku Lille kumene adatenga ligi ya France mu 2021. Mu Januwale 2022 adapita ku Atlético Madrid, ndipo mu 2025 adasaina ndi Sunderland n'kukhala munthu woyamba wa dziko lino kusewera mu Premier League. Taonani: wina adachoka ku England kufunafuna bwalo, wina adachoka ku Beira mpaka kukafika ku England komweko, ndipo kwa miyezi ingapo ankavalira m'chipinda chimodzi. Onse awiri adavomera kuyambira pa timu yaing'ono bola akusewera.

Tsono musati ndidangotengeka ndi nkhani zokomazi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndidamuuza mnyamatayo kuti ayang'anenso bwino zimene Gomes adanyamula pochoka kwawo. Adachoka ali ndi zaka pafupifupi 20, ndi mgwirizano wolembedwa wa zaka zisanu m'thumba. Bambo ake, a Gil Gomes, adabadwira ku Luanda ku Angola, adasewera mpira ku Portugal, ndipo adali m'timu imodzi ndi Luís Figo ndi Rui Costa imene idatenga chikho cha achinyamata cha dziko lonse mu 1991. Ndiye kuti popita ku Portugal mwanayo ankatsata njira imene kholo lake lidapondamo kale. Sadagulitse munda wa mayi ake kuti apeze ya ulendo.

Ndidanena za mundazi dala, chifukwa mnyamatayo adali atandibisira kanthu. Nditamupanikiza adaulula kuti kupatula timu ya achinyamata ya ku Tete, palinso bambo wina amene adakumana naye pamsika wa kumalire, amene adamulonjeza kukamuyesetsa mpira ku Joni ngati atapereka ndalama zokwana mtengo wa ng'ombe ziwiri. Abale anga, apa mpofunika kuchenjera. Malamulo a FIFA saloleza kuti mwana wosakwana zaka 18 asamutsidwe kukasewera m'dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga pamene makolo ake asamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Munthu wokuuzani kuti atenga mwana wa zaka 17 kupita naye kunja, ndipo ndalama mupereke ndinu, ameneyo akufuna ng'ombe zanu. Timu yofunadi mwana siilipiritsa makolo. Za ku Jonizo ndidakaniratu usiku womwewo.

Zidatsala za ku Tete. Ena mudzaseka kuti Tete ndi kwathu komwe, si kunja. Koma kwa mwana wa kumapiri kuno, wozolowera chisanu cha mu Juni ndi nsima ya ndiwo za m'dimba, Tete ndi dziko lina. Kutentha kwake kumaumitsa kukhosi, chilankhulo cha m'misewu ndi Chinyungwe ndi Chipwitikizi, ndipo palibe amene amakufunsa ngati wadya. Ngakhale zili choncho, kumeneko ndi kumene kuli maso. Chigawo chathu chili ndi matimu odziwika monga Chingale ya mumzindamo, ndi União Desportiva do Songo imene idatenga Moçambola mu 2017 ndi 2018. Kuno mnyamatayu wagoletsa zigoli pa mabwalo onse a m'midzi yozungulira mishoni, ndipo palibenso chatsopano chimene angaphunzire. Kumusunga pano kuli ngati kumukhazika pa benchi, kungosiyana kuti benchi yake ndi khonde la mayi ake.

Tsiku lachitatu ndidabwerera kwa mlongo wanga. Ndidati, "Mayi a mwana, mlekeni apite, koma pa mfundo zinayi." Yoyamba, ine ndipita naye ndekha kukaonana ndi akuluakulu a timuyo, ndipo zonse zimene tigwirizane zilembedwe papepala. Yachiwiri, akakhala kwa msuweni wathu amene amagwira ntchito mumzindamo, osati m'nyumba ya anyamata okhaokha. Yachitatu, sukulu sasiya. Kalasi 12 amalize konko, chifukwa bondo limathyoka tsiku limodzi koma satifiketi siithyoka. Yachinayi ndi imene ndidaphunzira ku Dedza: pakatha chaka tidzawerenga masewero amene walowa m'bwalo. Akadzapezeka kuti akungonyamula ndowa ya madzi, adzafune timu ina yaing'ono kapena abwerere kumunda, popanda manyazi.

Mlongo wanga adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati, "Nanga mbatata?" Funso limeneli si lopepuka, ndipo amene amalima kachewere akudziwa. Kukumba, kusankha, kuthira m'matumba ndi kukweza pa ngolo ndi ntchito yofuna msana wa mnyamata. Banja likatulutsa mwana wotere limataya manja awiri, ndipo phindu la mpira mwina silidzabwera konse. Pa anyamata ambirimbiri amene amachoka ndi nsapato m'chikwama, ofika pamene adafika Reinildo ndi owerengeka pa zala. Zimenezi ndidamuuza mnyamatayo pamaso pa mayi ake, kuti asadzati malume adandinamiza.

Komabe ndidaona kuti kumukaniza kukadabala zoipa zoposa. Mwana wokanizidwa amathawa usiku, ndipo wothawa usiku ndi amene amagwa m'manja mwa bambo wa kumsika uja. Bola apite masana, ndi madalitso, tikudziwa khomo limene akugona.

Tsono kwa makolo anzanga amene muli ndi mlandu ngati wathuwu, musafunse kukula kwa dzina la timu. Funsani ngati mwanayo akasewera, akagona pati, akaphunzira kuti, ndiponso ndani akulipira. Mayankho akakhala omveka, mperekezeni mpaka pokwerera galimoto.

Wathuyu anyamuka sukulu zikamatsegulira. Nsapato zampira tamugulira zakaunjika ku Ulongwe, ndipo mayi ake ayamba kale kumukazingira chimanga cha pa ulendo, ngakhale akulankhulabe mokwiya. Za mbatata tidagwirizana kuti ndidzakumba ndine pamodzi ndi ana anga awiri. Bondo langa lamanzere, limene ndidalipweteka pa bwalo lotsetsereka lija mu 1991, layamba kale kudandaula.