Ku Forsinard, kumene amagwetsa mitengo kuti mbalame ziswe

Titatsika sitima pa Forsinard, patatha maola atatu ndi kanthu chichokereni ku Inverness, ana anafunsa ngati tasochera. Kunalibe msika kapena mudzi wooneka, dambo lokhalokha mpaka polekezera maso, ndi timaiwe ta madzi akuda bii. Kukanakhala kwathu, wina akanayamba kale kuyeza pobzala mpunga.

Derali amalitcha Flow Country, kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Nthaka yake ndi peat, ndere ndi udzu zimene zinafa koma osaola chifukwa cha madzi ndi kuzizira. Imawonjezereka pafupifupi milimita imodzi pachaka, koma malo ena yafika mamita 10 kuya kwake.

Tinapita mu June, nyengo yoswa. Pa dziwe lina tinaona mbalame yofiira pakhosi yotchedwa red-throated diver. Miyendo yake ili kumbuyo kwambiri moti kuyenda pamtunda imalephera, choncho imaikira mazira m'mbali mwenimweni mwa madzi, nsomba za anapiye n'kumakazitenga kutali, nthawi zambiri kunyanja yamchere. Golden plover ndi greenshank nazo zimaikira pansi, poyera. Munthu kapena galu akadzidzimutsa make, khwangwala sachedwa kutola mazira. N'chifukwa chake ana tinawagwira dzanja kuti asachoke pa kanjira ka matabwa, ngakhale timbu takuno, totchedwa midges, tinkatiluma mosaleka.

Chimene chinatizunguza mutu, abale, ndi zitsa. Ife tinakula tikubzala mitengo kusukulu dzinja lililonse, ndipo kudula mtengo timakuona ngati mlandu. Kuno zinatembenuka. M'ma 1970 ndi 1980 anthu achuma anakumba ngalande m'damboli n'kubzala nkhalango za paini ndi spruce kuti achepetse msonkho. Dambo linayamba kuuma, nkhandwe ndi akhwangwala anapeza pobisala, mbalame n'kuleka kuikira pafupi ndi nkhalangozo. Boma linathetsa mwayi wa msonkhowo mu 1988. Bungwe la RSPB linagula malo a Forsinard mu 1995, ndipo lakhala likugwetsa mitengoyo ndi kutseka ngalande kuti madzi abwerere. Mu 2024 UNESCO inaika Flow Country pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse.

Mayi wina m'gulu lathu anaima nthawi yaitali akuyang'ana mitengo yogwetsedwa ikuolera m'matope. "Nkhuni zonsezi!" anatero, akupukusa mutu. Palibe anawayankha, ndipo nthawi ya sitima yobwerera ku Inverness inali itayandikira.