Masamu a usiku ku Linda

Amayi ena kuno ku Linda akandifunsa kuti "Mwananga, sukulu yakoyi idzatha liti?" ndimasowa poyambira. PhD ya masamu siili ngati mayeso a Grade 12 oti ofunsa akudziwa kale yankho. Umapatsidwa funso loti palibe amene analiyankhapo, ndipo miyezi imatha uli patsamba limodzi.

M'mawa ndimakwera minibasi kupita m'tauni, kenako ina ya Great East Road mpaka ku yunivesite ya UNZA. Aphunzitsi anga amawerenga mzere uliwonse wa zomwe ndalemba, cholembera chofiira chili m'manja. Magetsi akazima, monga zinkachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ndimapitiriza ndi tochi ya foni, mapepala ali mbwee pamphasa, utsi wa mbaula ukulowa pakhomo.

Katswiri wa masamu Andrew Wiles analimbana ndi funso la Fermat zaka 7. Atalengeza yankho mu 1993, akatswiri anzake anapeza polakwika. Sanataye mtima, anakonza mu 1994. Nkhani imeneyi imandilimbitsa kwambiri mtima masiku amene umboni wanga wakana kulumikizana.

Anzanga amene muli pa ulendo womwewu, mwafika pati sabata ino?